Chotupa cha muubongo chachotsedwa: muyezetse chiyani kuti mudziwe ngati chingabwererenso?

Opaleshoni ikatha, wodwala n'kutsitsimuka mpaka kuyamba kumwa phala, gadiyani aliyense amafunsa funso limodzi: "Adokotala, nanga chibwereranso?" Kale yankho linkadalira zinthu ziwiri basi: zimene dokotala wa opaleshoni anaona ndi maso ake ali m'kati mwa mutu, ndi zimene a ku labotale anaona pa maikulosikopu. Masiku ano amayezanso DNA ya chotupacho, ndipo mu 2021 bungwe la WHO linaika zizindikiro za mu DNA pamtima penipeni pa kagawidwe ka zotupa za muubongo. Zotupa ziwiri zofanana ndendende pa maikulosikopu zikhoza kukhala matenda awiri osiyana, china chobwerera chaka chisanathe, china chongokhala phee zaka khumi.

Njira zoyezerazi zilipo zingapo, zambiri zimachitikira kunja, ndipo nkhani yake imakupezani matumba atauma kale ndi opaleshoni. Choncho musanatulutse ndalama, pimani njira iliyonse ndi miyeso iyi.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba, ndipo chimaposa zonse: kodi zotsatirazo zisintha thandizo limene wodwala angalipezedi? Ngati yankho lililonse limene lingabwere silisintha mankhwala, silisintha radiotherapy (thandizo lowotcha chotupa ndi cheza), silisinthanso kuchuluka kwa masikani, ndiye kuti mukungogula chipepala chowerenga usiku tulo titasowa. Funsani dokotala mosazungulira: "Zikatuluka chonchi tichita chiyani, zikatuluka mwina tichita chiyani?" Mayankho awiriwo akafanana, sungani ndalama zanu.

Chachiwiri ndi mtundu wa chotupa. Meningioma imamera pa kansalu kokuta ubongo ndipo nthawi zambiri imakhala ndi malire ake. Glioma imamera mu ubongo weniweniwo. Ili ngati kapinga m'munda: mukhoza kulima pamwamba n'kuyera mbee, koma mizu inayanga kale pansi. N'chifukwa chake pa glioblastoma, mtundu woopsa kwambiri wa glioma, funso silikhala loti chibwerera kapena ayi, limakhala loti liti, ndipo tichichedwetse bwanji. Kuyeza kothandiza pa mtundu wina kungakhale kopanda ntchito pa mtundu unzake.

Chachitatu ndi nthawi. Pa glioma yoopsa, radiotherapy imayenera kuyamba pasanathe masabata pafupifupi 6 chichitireni opaleshoni. Zotsatira zofika pa mwezi wachitatu zimapeza chisankho chitapangidwa kale.

Chachinayi ndi mnofu wa chotupacho. Njira zonse, kupatula ziwiri zomaliza, zimadalira kanthu kamodzi kotchedwa buloko. Kachidutswa ka chotupa kamamizidwa mu formalin, mankhwala oteteza mnofu kuti usaole, kenako n'kuumitsidwa mu phula pa kabokosi ka pulasitiki kokwana m'chikhatho, kolembedwa nambala m'mbali. Mukakayang'ana mumangoona kadontho kotuwa m'kati mwa phula loyera. Kadontho kameneko ndiye chuma chonse cha wodwala, chifukwa kuyeza kulikonse kumasenga kagawo kake ndipo kakatha katha. Dziwani nambala ya buloko lanu, dziwani labotale imene ikulisunga, ndipo mulembe zimenezi m'buku la kuchipatala.

Chinanso choti chikhale m'mutu: palibe kuyeza kumene kumalosera za munthu mmodzi. Kumangomuika m'gulu la odwala ofanana naye, n'kunena zimene zinachitikira ambiri a m'gululo.

Njira yoyamba: maikulosikopu ndi utoto wa immunohistochemistry

Apa katswiri wa labotale amayang'ana maselo, amawerenga amene akugawikana, n'kupereka giredi kuyambira 1 mpaka 4, pamene 4 ndiyo yoopsa kwambiri. Kenako amapaka utoto wapadera umene umagwira mapuloteni enaake. Anthu amaipeputsa njirayi chifukwa ndi yakale, komatu imayankha mafunso akuluakulu. Kwathu kuno imayankhanso funso limene limabwera mafunso onse asanabwere: kodi ndi chotupa cha khansa n'komwe? Chotupa cha TB cha muubongo ndiponso matenda a tizilombo otchedwa toxoplasmosis mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika zimatha kuoneka ngati khansa pa sikani.

Utoto wofunika kwambiri pa glioma ndi wa IDH1 R132H. Kusintha kwa jini (kachigawo ka DNA) ya IDH kunadziwika mu 2008 ndi 2009, ndipo kunagawa ma glioma a akuluakulu pawiri: amene ali ndi kusinthaku amakula pang'onopang'ono ndipo odwala ake amakhala zaka zambiri, pamene amene alibe amathamanga. Utotowu umagwira pafupifupi 90 pa 100 ya zotupa zimene zili ndi kusintha kwa IDH. Pambali pake pali ATRX ndi p53, zimene zimathandiza kusiyanitsa mitundu iwiri ya glioma, astrocytoma ndi oligodendroglioma, Ki-67 yosonyeza liwiro la kugawikana kwa maselo, ndi H3 K27M ya zotupa zoopsa za pakati pa ubongo, makamaka mwa ana. Pa medulloblastoma, chotupa chakumbuyo kwa ubongo chopezeka kwambiri mwa ana, utoto wa beta-catenin umathandiza kuzindikira gulu la WNT, limene ana oposa 90 pa 100 amachira akalandira thandizo lokwanira.

Mtengo: ndiyo yotsika mtengo pa njira zonse za ku labotale. Mumalipira utoto umodziumodzi, choncho mukhoza kusankha atatu kapena anayi ofunika okha.

Kupezeka: kuyang'ana pa maikulosikopu kumachitika ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumene labotale ya pa Kamuzu Central Hospital inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi UNC Project ya yunivesite ya North Carolina ya ku America. Utoto wa zotupa za muubongo ndi nkhani ina. Funsani ngati ulipo pa nthawiyo, ndipo ngati palibe, buloko likhoza kutumizidwa ku South Africa kapena ku India.

Zofunika pambuyo pake: n'zochepa. IDH siisintha chotupa chikabwerera, choncho mukayeza kamodzi mwatha. Chachikulu n'kusunga buloko pamalo ouma, osatentha.

Kuopsa kwake: akatswiri awiri akhoza kusiyana pa giredi, makamaka pakati pa meningioma ya giredi 1 ndi 2. Komanso utoto ukapanda kugwira mwa munthu wachinyamata, sizitanthauza kuti kusintha kwa IDH palibe. Akhoza kukhala m'gulu la 10 pa 100 lija lofunika kuyeza DNA. Kwa wodwala wa zaka 55 kapena kuposa amene chotupa chake chikuonekeratu kuti ndi glioblastoma, utoto wokha ndi wokwanira.

Njira yachiwiri: kuyeza chizindikiro chimodzichimodzi

Apa ndi pamene ndalama yochepa ingagule yankho lolemera, bola mwadziwa chimene mukufunsa.

MGMT ndi jini imene imakonza DNA ikaonongeka. Mankhwala a temozolomide amagwira ntchito poononga DNA ya chotupa, ndiye chotupa chimene MGMT yake ili maso chimangokonza zimene mankhwala aononga. Mu zotupa zina jiniyi imakhala itazimitsidwa ndi chimene amachitcha methylation, ndipo pamenepo mankhwala amaluma. Kafukufuku wa Roger Stupp ndi anzake wa mu 2005 anasonyeza kuti kuonjezera temozolomide pa radiotherapy kunakweza nthawi yapakatikati imene odwala glioblastoma ankakhala ndi moyo kuchoka pa miyezi 12.1 kufika pa 14.6. Monika Hegi atayang'ana odwala omwewo amene MGMT yawo inali yozimitsidwa, anapeza miyezi 21.7 kwa olandira zonse ziwiri ndi 15.3 kwa olandira radiotherapy yokha. Manambalawa ndi owawa kuwawerenga, koma ndi amene banja liyenera kuwadziwa lisanagulitse munda chifukwa cha mankhwala. Odwala glioblastoma ochepera pang'ono theka ndi amene ali ndi MGMT yozimitsidwa.

Pamene MGMT imasinthadi chisankho ndi mwa okalamba ndi ofooka amene sangapirire zonse ziwiri. Kafukufuku wa ku Germany ndi wa m'mayiko a kumpoto kwa Ulaya wa mu 2012 anaonetsa kuti ikakhala yozimitsidwa, temozolomide yokha ndi chisankho chabwino, ndipo ikakhala ili maso radiotherapy ndiyo yothandiza. Mwa wachinyamata wamphamvu madokotala ambiri amapereka zonse ziwiri mulimonsemo, choncho zotsatira zimangothandiza kudziwa zoyembekezera.

Kuyeza kwa 1p/19q kumayang'ana ngati chotupa chataya mikono iwiri ya ma chromosome (mitolo ya DNA ya m'maselo) 1 ndi 19 pamodzi. Glioma yokhala ndi kusintha kwa IDH komanso kutaya kumeneku ndiyo oligodendroglioma, ndipo imamva mankhwala kuposa anzake onse. Mu kafukufuku wa RTOG 9402, odwala otere amene analandira mankhwala atatu a khansa otchedwa PCV pamodzi ndi radiotherapy anakhala zaka 14.7, poyerekeza ndi zaka 7.3 kwa olandira radiotherapy yokha. Kusiyana kwa zaka 7 si nkhani yamasewera. Kwa ine, ngati munthu wa zaka za m'ma 30 ali ndi glioma ya IDH imene puloteni yake ya ATRX sinatayike pa utoto uja, uku ndiye kuyeza koyenera kukongolera ndalama.

Palinso majini a TERT ndi CDKN2A/B. Malinga ndi kagawidwe ka 2021, meningioma imene ili ndi kusintha kwa TERT, kapena imene yataya makope onse awiri a CDKN2A/B, imapatsidwa giredi 3 ngakhale itaoneka yofatsa pa maikulosikopu. Astrocytoma ya IDH yotaya CDKN2A/B imakwera kufika giredi 4. Ndipo glioma yopanda IDH yooneka ya giredi yotsika, ikapezeka ndi kusintha kwa TERT, kapena kuchulukana kwa jini ya EGFR, kapena kuonjezereka kwa chromosome 7 pamodzi ndi kutayika kwa 10, imatengedwa ngati glioblastoma.

Mtengo: wapakatikati pa chizindikiro chimodzi. Koma mukafuna zitatu kapena zinayi, ndalama zake zimayandikira za njira yachitatu, ndipo buloko limakhala litasengedwa kangapo. Muwerengerenso zotumizira ndi kusaka ndalama zakunja, zimene mukudziwa mmene zimavutira.

Kupezeka: malabotale akuluakulu a ku South Africa ndi ku India amachita. Dokotala wanu ndiye alembe pempho, ndipo labotale imene ikusunga buloko ndiyo itumize.

Zofunika pambuyo pake: onetsetsani kuti buloko labwerera. Mabanja ambiri amakumbukira lipoti n'kuiwala buloko, mpaka tsiku limene chotupa chabwerera ndipo dokotala akufuna kuyerekeza.

Kuopsa kwake: MGMT ilibe malire amodzi ogwirizana padziko lonse, moti zotsatira zina zimagwera pakati, osati inde osati ayi. Musalole kuti aiyeze ndi utoto wokha, chifukwa njira imeneyo si yodalirika pa MGMT. Pa 1p/19q, njira ya FISH imayang'ana kadera kakang'ono, ndiye nthawi zina imanena kuti mkono wonse watayika pamene kangothothoka kachidutswa. Kulakwitsa kumeneku kumapatsa banja chiyembekezo chabodza, n'chifukwa chake 1p/19q isawerengedwe payokha popanda IDH.

Njira yachitatu: kuwerenga majini ambiri nthawi imodzi, NGS

Makina amawerenga majini makumi kapena mazana pa ulendo umodzi: IDH1, IDH2, TERT, TP53, ATRX, EGFR, BRAF, NF2 ndi ena. Lipoti limabwera la masamba ambiri, lokongola, ndipo m'masamba omaliza mumakhala mndandanda wa mankhwala ndi kafukufuku amene akuchitika ku America kapena ku Ulaya. Apa ndi pamene mtima umathamanga, ndipo ndi pamene muyenera kuugwira.

Mankhwala olunjika pa jini alipodi koma ndi owerengeka. Vorasidenib, wa glioma ya giredi 2 yokhala ndi IDH, anavomerezedwa ku America mu August 2024. Mu kafukufuku wa INDIGO anachedwetsa kukula kwa chotupa kufika pa miyezi 27.7 poyerekeza ndi 11.1 kwa amene sanalandire mankhwalawa. Dabrafenib ndi trametinib anavomerezedwa mu 2023 kwa ana a glioma ya giredi yotsika yokhala ndi kusintha kwa jini kotchedwa BRAF V600E. Onsewa ndi odula kwadzaoneni ndipo amamwedwa kwa nthawi yaitali. Pa glioblastoma wamba, lipoti lalitalilo kawirikawiri silisintha thandizo.

Mtengo: wokwera, ndipo umalipiridwa mu ndalama zakunja.

Kupezeka: kunja kokha, ndipo zotsatira zimatenga masabata angapo kuwerengera ndi ulendo wa buloko.

Zofunika pambuyo pake: pamafunika dokotala wodziwa kumasulira lipotilo. Chotupa chikabwerera pambuyo pa temozolomide chimatha kukhala chitasintha kwambiri, moti lipoti lakale silikhalanso chithunzi chake chenicheni.

Kuopsa kwake: DNA ikaonongeka, chifukwa mnofu unakhalitsa mu formalin masiku ambiri kapena buloko linasungidwa potentha, kuyeza kumalephera ndalama zitapita kale. Malipoti ambiri amatchulanso kusintha kumene akatswiri sanagwirizane tanthauzo lake. Ndipo nthawi zina NGS imavumbula matenda a kumtundu oonjezera chiopsezo cha khansa monga Li-Fraumeni kapena Lynch, nkhani imene imakhudza ana ndi abale amene sanafunsidwe n'komwe ngati akufuna kudziwa. Dziwaninso kuti ma NGS ambiri saphatikiza MGMT, funsani musanalipire.

Njira yachinayi: kuwerenga methylation ya chotupa chonse

Iyi ndi njira imene yagwedeza kwambiri ntchito ya malabotale a zotupa za muubongo. M'malo moyang'ana jini imodzi, makina amawerenga malo oposa 850,000 pa DNA kuona amene ayatsidwa ndi amene azimitsidwa, kenako kompyuta imayerekeza ndi zotupa zodziwika kale. Gulu la ku Heidelberg, ku Germany, linafalitsa njirayi mu 2018 litagwiritsa ntchito zotupa pafupifupi 2,800, ndipo litaiyesa pa odwala atsopano, dzina la matenda linasintha mwa odwala pafupifupi 12 pa 100. Ganizirani: munthu mmodzi pa anthu 8 aliwonse anali ndi matenda ena, osati amene analembedwa poyamba.

Ubwino wake wina ndi woti ulendo umodzi womwewo umaonetsanso ma chromosome amene atayika kapena kuchuluka, kuphatikizapo 1p/19q ndi CDKN2A/B, n'kuperekanso chithunzi cha MGMT. Pa zotupa za ana, monga medulloblastoma ndi magulu ake anayi a WNT, SHH, gulu 3 ndi gulu 4, komanso mtundu wina wotchedwa ependymoma, palibe njira ina yoigonjetsa.

Pa meningioma ndi pamene imayankha funso la kubwerera mwachindunji. Pafupifupi 80 pa 100 ya ma meningioma ndi a giredi 1, koma ena mwa iwo amabwerera msanga modabwitsa dokotala, pamene ena a giredi 2 amangokhala. Felix Sahm ndi anzake mu 2017 anagawa ma meningioma 497 m'magulu 6 a methylation, ndipo maguluwo analosera kubwerera bwino kuposa giredi ya WHO. Kutayika kwa mkono wa 1p ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene zimaonekera mobwerezabwereza mu zotupa zobwerera. Mu 2023 gulu la ku San Francisco linafalitsa njira ina yoyandikana nayo, yowerenga mmene majini 34 akugwirira ntchito, litaiyesa pa zotupa 1,856, ndipo linati ikhoza kusintha chisankho cha radiotherapy mwa odwala pafupifupi 30 pa 100. Imeneyo isungeni m'mutu ngati ya mawa.

Mtengo: wokwera, mofanana ndi NGS kapena kuchepera pang'ono. Koma ikalowa m'malo mwa kuyeza kutatu kosiyanasiyana, masamu ake amatha kukomera inu.

Kupezeka: m'zipatala zazikulu za ku Ulaya, America ndi malo ena ochepa. Abale amene muli ku England, NHS, thandizo la zaumoyo la boma, imaichita pa zotupa zoyenera popanda inu kulipira, choncho funsani gulu la madokotala anu ngati yachitika. Makina amayeza zotupa zingapo pa mbale imodzi, ndiye labotale imadikira kuti zikwane, ndipo kudikirako kumadya masabata. Ofufuza a ku Utrecht mu 2023 anaonetsa kuti ndi makina aang'ono a nanopore yankho likhoza kubwera opaleshoni ili m'kati, koma zimenezi zikadali m'zipatala zowerengeka.

Zofunika pambuyo pake: pemphani kuti akusungireni zimene makina anawerenga, osati lipoti lokha. Pulogalamu ya pa kompyuta imakonzedwa kawirikawiri, ndipo chotupa chimene chalephera kudziwika lero chikhoza kudziwika m'tsogolo popanda kusenganso buloko.

Kuopsa kwake: kompyuta imapereka sikolo, nambala yosonyeza mmene chotupa chikufanirana ndi gulu lake, ndipo yodalirika ndi ya 0.9 kupita m'mwamba. Kachidutswa kakakhala ndi maselo ochepa a chotupa, sikolo imatsika ndipo mumalandira yankho loti sichikufanana ndi gulu lililonse. Lipoti lake lisawerengedwe lokha popanda katswiri amene waonanso chotupacho pa maikulosikopu.

Njira yachisanu: kuyeza magazi kapena madzi a mumsana

Lingaliro lake ndi lokoma: kupeza tizidutswa ta DNA ya chotupa popanda kutsegulanso mutu. Koma ubongo uli ndi mpanda wake wousiyanitsa ndi magazi. Kafukufuku wa mu 2014 anapeza DNA ya chotupa m'magazi a odwala glioma osakwana 10 pa 100. Madzi a mumsana amachitako bwino: ku Memorial Sloan Kettering, ku New York, anaipeza mwa odwala 42 pa 85 mu 2019. Pa medulloblastoma ya ana, ofufuza a ku St. Jude aonetsa kuti DNA yotsalira m'madziwa imatha kuchenjeza chotupa chisanaonekere pa sikani.

Mtengo: wokwera, ndipo umabwerezedwa nthawi iliyonse mukayeza. Kupezeka: makamaka m'kafukufuku. Zofunika pambuyo pake: kubayidwa pamsana mobwerezabwereza, ndi kutumiza madziwo mwachangu ali ozizira. Kuopsa kwake: kubaya pamsana munthu amene ubongo wake watupa kungamuphe, ndipo zotsatira zoti palibe chimene chapezeka sizitanthauza kuti chotupa palibe. Wina akakutsatsani kuyeza magazi kolosera kubwerera kwa chotupa cha muubongo, gwirani chikwama chanu.

Njira yachisanu ndi chimodzi: lipoti la opaleshoni ndi MRI ya nthawi ndi nthawi

Iyi si ya DNA, koma siingachoke pa mndandanda, chifukwa ndalama zimene mungaike pa njira zinazo zimachokera m'thumba lomweli. Kuchuluka kwa chotupa chimene chachotsedwa ndi chimodzi mwa zinthu zolosera bwino kwambiri. Donald Simpson anaonetsa zimenezi pa meningioma kalekale mu 1957: chotupa chikachotsedwa chonse pamodzi ndi kansalu ndi fupa limene chinagwira, osakwana 10 pa 100 ankabwereredwa, pamene chikachotsedwa mbali chabe anali pafupifupi 40 pa 100. Mpaka lero madokotala amalemba giredi ya Simpson, kuyambira 1 mpaka 5, mu lipoti la opaleshoni. Ipempheni, siilipiridwa.

Pa glioma, MRI yojambulidwa pasanathe maola 48 mpaka 72 chichitireni opaleshoni ndiyo imaonetsa chimene chatsala, kutupa kwa bala kusanasokoneze chithunzi. Masikani onse am'tsogolo amayerekezedwa ndi imeneyi. Glioblastoma ikabwerera, nthawi zambiri imamera pafupi ndi pamalo pomwe inachotsedwa, m'kati mwa masentimita awiri. Kuyeza DNA kumanena kuti chotupa chikhoza kubwerera. MRI ndiyo imachigwira chikabwerera chikadali chaching'ono choti n'kuchitapo kanthu.

Mtengo: sikani imodzi siifika pa NGS, koma ndi ya zaka. Glioma yoopsa imafuna sikani miyezi iwiri kapena itatu iliyonse poyamba. Meningioma ya giredi 1 yochotsedwa bwino imatha kufika pa kamodzi pachaka. Muonjezere zoyendera ndi pogona ngati mukuchokera kutali.

Kupezeka: m'mizinda ikuluikulu. Makina oyamba a MRI ku Malawi anafika pa Queen Elizabeth Central Hospital mu 2008 chifukwa cha kafukufuku wa malungo a muubongo mwa ana. Pamene MRI palibe, CT yokhala ndi mankhwala oonetsera imathandizako pa meningioma, koma pa glioma ya giredi yotsika imaphonya zambiri.

Zofunika pambuyo pake: sungani ma CD a masikani onse, osati malipoti okha, ndipo ngati n'kotheka muzijambulitsa pamalo amodzi. Musadikire tsiku la sikani ngati wodwala wayambanso kugwa khunyu, kusanza m'mamawa mutu ukuwawa, kufooka mbali imodzi kapena kusintha khalidwe.

Kuopsa kwake: m'miyezi itatu yoyamba pambuyo pa radiotherapy ndi temozolomide, sikani imatha kuoneka ngati chotupa chakula pamene ndi kutupa kobwera ndi thandizolo. Chodabwitsa n'chakuti izi zimachitika kwambiri mwa odwala amene MGMT yawo ndi yozimitsidwa, omwe mankhwala akuwagwira bwino. Apa ndi pamene kudziwa MGMT kumapulumutsa munthu kuti asasiyitsidwe mankhwala amene akumuthandiza. Mankhwala oonetsera a gadolinium amafunanso kuti impso ziyezedwe kaye.

Ndiye inu musankhe iti?

Meningioma ya giredi 1, yochotsedwa yonse, Simpson 1 kapena 2: maikulosikopu, Ki-67 ndi MRI ya nthawi ndi nthawi n'zokwanira. Ndalama za DNA zisungireni masikani a zaka zikubwerazi.

Meningioma ya giredi 2, kapena ya giredi 1 imene yabwerera msanga, ndipo madokotala akukayika ngati apereke radiotherapy: apa methylation ili ndi phindu lenileni. Ngati siikutheka, yezetsani TERT ndi CDKN2A/B, ndipo ngati labotale ingathe, 1p.

Wachinyamata kapena wa zaka zapakati wokhala ndi glioma ya giredi 2 kapena 3: yambani ndi utoto wa IDH1, ATRX ndi p53. IDH ikapezeka ATRX ili yosatayika, pitani ku 1p/19q. ATRX ikatayika, CDKN2A/B ndiyo yotsatira. Utoto wa IDH ukapanda kugwira, musaime pomwepo: NGS yaing'ono ya zotupa za muubongo ndiyo yoyenera, chifukwa iyankha za IDH zosowazo, TERT ndi EGFR nthawi imodzi.

Wa zaka 55 kapena kuposa wokhala ndi glioblastoma yoonekeratu: utoto wa IDH1 ndi MGMT basi. Akakhala wokalamba kapena wofooka, MGMT ndiyo isankhe pakati pa temozolomide ndi radiotherapy. NGS yaikulu ikhale ya amene ali ndi mwayi weniweni wolowa m'kafukufuku.

Mwana wokhala ndi medulloblastoma, ependymoma, kapena chotupa chimene akatswiri awiri akusiyana pa dzina lake: methylation, ndipo funsani madokotala a khansa ya ana ngati pali chipatala chakunja chimene amagwira nacho ntchito chimene chingathandize kuyeza. Pa medulloblastoma musaiwale MRI ya msana wonse, chifukwa imatha kufalikira kumeneko.

Banja limene likukonzekera kupita ndi wodwala ku India kapena ku South Africa: musayezetse zodula musananyamuke. Tengani buloko, magalasi a maikulosikopu, lipoti la opaleshoni ndi ma CD, chifukwa chipatala cha kumeneko chidzafuna kuona chokha ndipo mukhoza kulipira kawiri.

Ndipo ngati ndalama zilipo za chinthu chimodzi chokha, radiotherapy ndi mankhwala zisakudziwika ngati zipezeka: lipirani kuti chotupa chidziwike dzina lake lenileni pa maikulosikopu ndi utoto wa IDH1, zotsalazo zipite ku MRI yotsatira ndi mankhwala a khunyu a wodwala, ndipo mupemphe a ku labotale kuti buloko asalitaye.